Chilimira Chathu ndi Mpweya wa Ana

Ife ndife anthu a kunyanja. Makolo athu ndi a ku Nkhotakota, koma ife tinatsata usipa mpaka tinadzamanga kuno kumpoto, m'boma la Rumphi, m'kachigawo kopapatiza ka pakati pa Chitimba ndi Mlowe, kumene mapiri amatsetsereka n'kudzathera m'madzi osasiya malo a munda waukulu. Chuma chathu chonse kuyambira kale chakhala boti limodzi, injini imodzi, mabwato awiri a nyali ndi zilimira ziwiri, china cholowa m'madzi, china chosungira tsiku la tsoka. Lero chilimira tili nacho chimodzi. Chinacho tinagulitsa, ndipo m'mene tinachigulitsira ndiyo nkhani imene tafuna kukamba nanu, abale athu a m'mbali mwa nyanja, pakuti m'nyumba zambiri muli mwana wa mutu wakuthwa amene tsiku lina adzakupemphani chinthu chimene simunachimvepo chibadwire.

Nkhaniyi inayamba usiku wina wa mwezi wa July m'chaka cha 2017, mwera utakwiya, maboti onse ali pamtunda. Mwana wathu woyamba, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, anayamba kumva kupweteka nthawi isanakwane. Tinathamangira naye ku kachipatala kena kapafupi, ndipo kusanache kunabadwa kamnyamata kolemera kilogalamu imodzi ndi theka. Kanalira kamodzi, kenako kanayamba kubuula. Pa mpweya uliwonse nthiti zake zinkalowa m'kati ngati dengu lopondedwa, milomo ikuda. Namwino anayang'ana pakona pamene panali chinthu chofunditsidwa chitenje, natembenukira kwa mayi wa m'nyumba muno nati, "Amama, makina a okosijeni ndi awo, koma anasiya kugwira ntchito kalekale. Muikeni mwanayu pachifuwa panu, mum'funde bwino, tiitane galimoto." Ulendo wa tsiku limenelo sitidzauiwala. Tinakwera Chiweta, tinadutsa ku Phwezi, tinawoloka Rukuru pa Njakwa, agogo ake atakafungatira kamwanako m'kati mwa malaya, akumvetsera ngati kakupumabe, pakamwa pawo pali dua yokhayokha.

Ku chipatala chachikulu anakalandira mofulumira. Anakaika timapaipi tiwiri m'mphuno, n'kulumikiza ku kabokosi kokhala patebulo, ndipo pambali pa kabokosiko panali botolo la madzi limene linayamba kubwata ngati mphika wa pamoto, ngakhale madziwo anali ozizira. Patapita maola angapo kubuula kuja kunachepa, nthiti zinaleka kulowa m'kati, khungu linayamba kubwerera mwakale. Ife makolo tinangoti Alhamdulillah, osafunsa zambiri. Koma mwana wathu wachitatu, mtsikana amene nthawiyo anali Fomu 2 ndipo anabwera kudzaphikira mkulu wake kuchitando, sanakhutire ndi kuthokoza kokha. Tsiku lililonse akabweretsa phala ankaima pakhomo la chipinda cha ana obadwa masiku osakwana, maso ali pa botolo lija. Tsiku lachinayi analimba mtima nafunsa namwino chimene chinkabwatitsa madziwo. Namwinoyo anam'yankha kuti makinawo dzina lake ndi Pumani, ndipo anayamba kupangidwa ndi ana a sukulu. Mawu akuti ana a sukulu ndi amene anam'lowa mumtima.

Zimene anatiuza pambuyo pake, atawerenga ndi kufunsafunsa, n'zakuti mapapo a mwana wobadwa msanga amakhala asanakhwime. Timatumba ta mpweya ta m'mapapomo timafwafwanizika mwana akatulutsa mpweya, ndipo kuti atitsegulenso amagwiritsa ntchito mphamvu zimene alibe, mpaka amatopa n'kusiya. Makina a mtundu umenewu, amene madokotala amawatchula kuti CPAP, amakankha mpweya pang'onopang'ono mosalekeza kuti timatumbato tisatsekeke. Paipi yotulutsa mpweya imamizidwa m'botolo la madzi, ndipo kuya kwa madziwo ndiko kumalamula mphamvu ya mpweya m'mapapo mwa mwana. N'chifukwa chake madzi amabwata. Makina otere a m'zipatala za maiko olemera ankagulidwa pa madola pafupifupi 6,000 amodzi. Cha m'ma 2010 ophunzira a pa Rice University, mumzinda wa Houston ku America, motsogozedwa ndi aphunzitsi awo Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, ndiponso mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anapanga otsika mtengo pogwiritsa ntchito timapampu tofanana ndi timene azungu amapopera mpweya m'magalasi oweteramo nsomba. Ife asodzi tinaseka titamva zimenezi, kuti kachipangizo kosungira nsomba moyo n'kamene kanasunga mdzukulu wathu.

Kafukufuku amene anachitika pa Queen Elizabeth, motsogozedwa ndi Dr Kondwani Kawaza, n'kusindikizidwa m'chaka cha 2014, anasonyeza kuti mwa makanda ovutika kupuma amene anaikidwa pa makinawa, 71 mwa 100 alionse anapulumuka, pamene mwa amene anangolandira okosijeni wa m'mphuno anapulumuka 44. Pambuyo pake makinawa anafalitsidwa m'zipatala za maboma m'dziko muno. Kufunika kwake kwa ife Amalawi n'kwakukulu, pakuti lipoti la padziko lonse la m'chaka cha 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa masiku osakwana, pafupifupi 18 mwa 100 alionse. Palibe mudzi wa m'mbali mwa nyanja ino umene ulibe kamanda kakang'ono ka mwana amene sanathe sabata.

Mtsikana wathu atanena kuti adzaphunzira kupanga ndi kukonza makina a chipatala, tinangomwetulira monga amachitira makolo mwana akati adzakhala woyendetsa ndege. M'banja mwathu munalibe amene anafikapo ku yunivesite. Pamwamba pa phiri limene timaliona tikamakoka ukonde pali Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni yake m'chaka cha 1894 n'kutsegula sukulu ya Overtoun, yophunzitsa uphunzitsi, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi ntchito za chipatala. Pofika 1905 kumeneko kunkayaka magetsi a mphamvu ya madzi, matauni ambiri a dziko lino akugona mumdima. Anansi athu a Chitumbuka anakwera msewu wa Gorodi ndi makhota ake 20 kukatenga maphunziro amenewo, ndipo zidzukulu zawo zadzaza maofesi. Agogo athu a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi anazipewa sukulu za mishoni poopa kuti ana awo akasiya chipembedzo, ndipo mantha awowo anali ndi chifukwa chake m'nthawi imeneyo. Koma mpata umene unatseguka pamenepo tikuulipirabe mpaka lero. Tinagwirizana kuti mwana uyu sitim'tsekereza.

Anakhoza bwino mayeso a Fomu 4 ndipo anasankhidwa kukaphunzira Biomedical Engineering, uinjiniya wa zipangizo za chipatala. Maphunzirowa m'dziko muno amapezeka ku Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014 pa Ndata m'boma la Thyolo, ndiponso ku Polytechnic ya ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ikutchedwa Malawi University of Business and Applied Sciences. Iye anapita ku imodzi mwa ziwirizi, ulendo wa usiku wonse pa basi. Ndipamene tinayamba kuphunzira za makomo amene mwana wa msodzi angagogode. Kuli bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2015. Kuli Islamic Zakaat Fund, imene yalipirira ana ambiri a m'mabanja mwathu ku sekondale ndi ku koleji. Kuli Islamic Development Bank ya ku Jeddah, imene kuyambira 1983 yakhala ikuthandiza ophunzira udokotala, uinjiniya ndi ulimi ochokera m'maiko amene Asilamu ndi ochepa, mwa ngongole yopanda chiwongoladzanja imene imabwezedwa ku thumba la m'dziko lomwelo kuti wina adzaphunzirirenso. Kulinso makampani ndi anthu akufuna kwabwino. Mwana wathu anapeza basale ku bungwe lina limene linam'lipirira fizi ndi malo ogona, ndipo ife tinkangotumiza ya sopo, ya mayendedwe ndi thumba la usipa wouma. Tinapuma, tikuganiza kuti mtolo tautula.

Zaka zinayi zinadutsa bwino. M'chaka chachisanu, chomaliza, foni inalira madzulo ena tikukonza nyali za kauni. Atapereka moni anati, "Abambo, chaka chino ndiyenera kuchita kafukufuku wanga, ndipo ndikufuna ndalama ya zipangizo." Bambo wa m'nyumba muno anafunsa ngati a basale asiya kulipira. Iye anati akulipirabe mokhulupirika, koma pangano lawo ndi la fizi ndi chakudya, za kafukufuku mulibemo. Anati anzake ambiri amasankha pulojekiti yongolemba pa kompyuta chifukwa siyifuna ndalama, ndipo nayenso angathe kutero n'kulandira digiri yake bwinobwino. Koma funso limene linali mumtima mwake kuyambira 2017 linali la makina aja ofunditsidwa chitenje: chinawapha n'chiyani, ndipo chingachitike n'chiyani kuti anzake asafe imfa yomweyo?

Anatifotokozera mwa Chichewa chomveka. Mpweya umene timapuma uli ndi magawo 21 okha a okosijeni mwa 100, ndipo magawo 78 ndi mpweya wina wotchedwa naitirojeni. Makina a okosijeni amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo, n'kuupanikiza kudutsa m'mitsuko iwiri yodzaza ndi mchenga wapadera wotchedwa zeolite, umene umagwira naitirojeni n'kulola okosijeni kudutsa. Makina abwino amatulutsa okosijeni woposa magawo 90, ndipo malangizo a World Health Organization amati akatsika pansi pa 82 makinawo ayenera kuliza chenjezo. Adani a makinawa ndi atatu: fumbi limene limatseka masefa, magetsi othimathima amene amaotcha pampu, ndi chinyezi, chifukwa mchenga uja ukamwa madzi a mumpweya umasiya kugwira naitirojeni. Choopsa n'chakuti makina otero akhoza kumalirabe, mpweya ukutuluka, namwino akuganiza kuti mwana akulandira okosijeni pamene akungolandira mphepo. Ife amene timadziwa m'mene mchere umasungunukira m'chitini kuno kunyanja, ndi m'mene usipa umachedwera kuuma pathandala nyengo ya mvula, tinamva msanga za chinyezicho. Iye ankafuna kuyeza chinyezi ndi mphamvu ya okosijeni m'zipatala zingapo za kunyanja ndi za kumapiri, ndiponso kuyesa kabokosi kotsika mtengo koumitsa mpweya usanalowe m'makina, kodzaza ndi timiyala toyamwa chinyezi tonga timene timapezeka m'kapaketi ka m'bokosi la nsapato zatsopano.

Anatiuzanso kuti vutoli si la kachipatala kathu kokha. Akatswiri awiri a pa Duke University ku America, Lora Perry ndi Robert Malkin, anawerengera zipangizo zoposa 100,000 m'zipatala za maiko 16 osauka, ndipo m'chaka cha 2011 analengeza kuti pafupifupi 38 mwa 100 zilizonse zinali zosagwira ntchito. Zambiri mwa izo ndi mphatso zochokera kunja, zopangidwira zipinda zozizira zopanda fumbi, zobwera popanda zida zosinthira ndiponso popanda munthu wophunzitsidwa kuzisamalira. Tsiku lolandira pamakhala nthungululu ndi zithunzi, pakatha chaka pamakhala chitenje. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mndandanda wa zofunika unali waufupi: kachipangizo koyezera okosijeni, toyezera chinyezi tingapo, timakompyuta ting'onoting'ono tolemba manambala usana ndi usiku, mabatire, mapaipi, ndi ndalama ya basi yozungulira m'zipatala. Koma pafupifupi zonsezo n'zoitanitsa kunja, zogulidwa ndi madola, ndipo inali nthawi imene kwacha inali itangogwetsedwa ndi magawo 44 mwa 100 m'mwezi wa November 2023. Mtengo umene mnzake wa chaka cham'mbuyo anagulira zinthu zomwezo unali utasanduka nthano. Titawerengera tinapeza kuti ndalama yonse ikufanana ndi mtengo wa chilimira chogwiritsidwapo kale ntchito. Nyengo imeneyo petulo wa injini anali atakwera, usipa ukuvuta, ndipo m'nyumba munalibe china chogulitsa.

Kwathu nkhani yaikulu ya mwana siyigamulidwa popanda amalume ake, choncho tinaitana mlongo wawo wa mayi wa m'nyumba muno kuchokera ku Nkhotakota, pa nthawi imene mtsikanayo anabwera ku tchuthi. Tinakhala pamkeka pakhonde itatha swala ya Isha. Amalumewo, munthu amene wakalamba ndi nyanja ndipo wakwirirapo anzake omira, anayankhula mosapsatira. Anati, "Alamu, sukulu mwalipira, basale yalipira, mwana watsala pang'ono kulandira pepala lake. Ichi china n'chiyani? Chilimira chosungira ndicho mpweya wa banja lino. Chinacho chikang'ambika pa mwala, ana asanu ndi atatu amene amakoka nanu adya chiyani? Makina a boma akonze a boma." Palibe amene akanati akunama. Aliyense wa ife anaonapo banja likugwa chifukwa cha ukonde umodzi wotayika usiku umodzi.

Mtsikanayo anapempha kuyankhula, atagwada pafupi ndi mayi ake. Anati, "Amalume, zimene mwanenazo n'zoona, ndipo mukakana sindidandaula, digiri ndilandirabe. Koma pepalalo lidzanena kuti ndine injiniya, pamene manja angawa sanafufuzepo chilichonse cha kwathu. Mukaphunzitsa mnyamata usodzi, mumam'fotokozera za mafunde ali pamchenga kenako n'kum'patsa boti? Makina aja akanakhala amoyo tsiku lija, mdzukulu wanu sakanakwera Chiweta akuda milomo. Ana ena amene anakwera njira yomweyo sanafike pa Njakwa." Amalumewo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati kulibe mabungwe othandiza kafukufuku weniweniyo, popeza a fizi alipo.

Funso limenelo linali lanzeru, ndipo yankho lake ndilo phunziro lalikulu limene tatolapo. Thandizo lotero lilipo, koma n'lochepa, ndipo ambiri sitilidziwa. Pumani yemweyo sanagwe kumwamba. Ophunzira amene anamuyamba anali ndi chipinda chodzaza zida, ndalama yogulira zoyesera, ndi thandizo lowafikitsa ku Blantyre kukaona ndi maso m'mene anamwino amagwirira ntchito. Aphunzitsi awo awiri aja atalandira mphotho ya Lemelson-MIT ya madola 100,000 m'chaka cha 2013, anaipereka yonse kuti ikulitse chipinda cha makanda pa Queen Elizabeth. Mothandizidwa ndi Lemelson Foundation, ku Polytechnic kunatsegulidwa chipinda chopangiramo zinthu zatsopano, ndipo china chotero chili ku Thyolo, momwe ophunzira amapeza zida zodulira, zowotcherera ndi zoumbira. Ophunzira ena a ku Malawi akhala akusankhidwa kukagwira ntchito miyezi ingapo ndi anzawo ku Houston. M'chaka cha 2019 kunayamba mgwirizano wa NEST360, wofalitsa zipangizo zosamalira makanda m'zipatala za Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria, pamodzi ndi kuphunzitsa amisiri ozikonza. Boma nalo lili ndi National Commission for Science and Technology, imene imapereka ndalama za kafukufuku. Koma olimbirana ndi ambiri, malo ndi owerengeka, ndipo wopempha ayenera kulemba chikalata chofotokoza funso lake, njira yake ndi mtengo wa chinthu chilichonse mpaka waya.

Mwana wathu anali atalemba kale zikalata zitatu zotero mothandizidwa ndi mphunzitsi wake. Chimodzi chinakanidwa, ziwiri zinali zisanayankhidwe, ndipo nthawi yoyezera chinyezi inali nyengo ya mvula, imene siyidikira komiti. Amalume atamva zimenezi anapukusa mutu nati, "Chemwali, mwana ndi wanu, ukonde ndi wa alamu. Ine ndanena mantha anga. Mukagulitsa, musagulitse kwa munthu wa ngongole." Umo ndimo anavomerezera, mwa njira yawo.

Tinachigulitsa kwa msodzi wina wa ku Usisya. Tsiku limene anabwera kudzachitenga, bambo wa m'nyumba muno anachiyala pamchenga, nayenda m'mbali mwake akuonetsa pamene anasokapo ndi manja ake, ngati munthu wopereka mwana ku ukwati. Anyamata athu okoka ukonde anaima patali osanena kanthu, koma nkhope zawo zinkafunsa. Chimene sitinayembekezere chinachitika madzulo ake. Amayi oumitsa usipa pa doko lathu, Asilamu ndi Akhristu omwe, amene ali ndi chipereganyu chawo cha mwezi ndi mwezi, anatuma awiri mwa iwo ndi ndalama yokulunga m'mpango. Mmodzi mwa iwo anataya mapasa zaka za m'mbuyomo, onse awiri m'sabata imodzi. Anangoti, "Amama, iyi ndi ya basi ya mwana. Akafufuze." Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Patapita miyezi iwiri, chimodzi mwa zikalata zija chinayankhidwa. Ndalama yake inali yochepa poyerekeza ndi imene tinali titawononga kale, koma inam'fikitsa m'zipatala zina zimene sakanafikako, ndipo inabwera ndi chinthu chimene ife sitikanam'gulira: kalata yom'dziwikitsa kwa akuluakulu a zaumoyo, ndi katswiri wom'yang'anira amene ankawerenga manambala ake mwezi uliwonse n'kum'bweza akalakwitsa. Apo tinazindikira kuti thandizo la kafukufuku ndi ndalama pamodzi ndi khomo lotseguka. Mwana wa msodzi atanyamula kabokosi ka mawaya sangangolowa m'chipinda cha odwala n'kuyamba kuyeza makina. Dzina la bungwe limene lam'khulupirira ndilo limam'lowetsa.

Tsiku lina anafika pa kachipatala kaja pamodzi ndi mmisiri wa zipangizo za chipatala, ndipo mayi ake anapita nawo kukaonerera. Anavundukula chitenje chija, namasula makinawo. Sefa yake inali yakuda ngati nsanza ya kukhitchini, ndipo mchenga wa m'mitsuko unali utaumbika ngati ufa wonyowa. Mayi ake ankayembekeza kuti mwana wawo awadzutsa anthu akuona. Sanawadzutse. Anafotokoza kuti mitsukoyo yafa ndithu, ina yatsopano iyenera kuitanitsidwa, ndipo analemba zonse m'buku la mmisiriyo. Chimene anachita ndi manja ake tsiku limenelo chinali chaching'ono: anatsuka sefa ya makina ena amene anali atangobwera kumene, nawachotsa pakhoma pamene anapanikizidwa kuti mpweya uzizungulira, nasonyeza namwino m'mene angachitire zimenezi sabata iliyonse ndi madzi ndi sopo. Mayi ake anabwerera kunyumba okhumudwa pang'ono. Usiku iye anawauza kuti, "Amayi, makina akufa aja andiphunzitsa zambiri kuposa amoyo. Ntchito yanga ndi yakuti atsopanowa asadzafunditsidwe chitenje."

Tisakunamizeni kuti zonse zinayenda bwino. Mantha a amalume anakwaniritsidwa. Mwera wotsatira, chilimira chathu chotsala chinakodwa pa miyala n'kung'ambika pakati, ndipo tinakhala masabata atatu pamtunda tikusoka, anzathu akubwera ndi mabwato odzaza. Anyamata awiri anatichokera kupita kwa eni maboti ena, ndipo sitiwaimba mlandu. Tinadya ngongole ya ufa kugolosale, chinthu chimene sitinachitepo. Masiku amenewo m'nyumba muno munali mawu ochepa, ndipo aliyense wa ife awiri anadzifunsa mumtima ngati tinachita mwanzeru. Walira mvula walira matope. Mpaka lero chilimira chachiwiri sitinagule.

Palinso nkhawa ina imene tikugona nayo. Mphunzitsi wake wam'limbikitsa kuti apemphe thandizo la digiri yachiwiri kunja. Watitchulira Beit Trust, imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe kukaphunzira ku Britain ndi ku South Africa, watitchulira za Commonwealth, ndiponso za Mastercard Foundation zimene zimapezeka m'mayunivesite monga ya Cape Town. Timanyadira, koma tikudziwanso ana a anzathu amene anapita n'kukhazikika komweko, makolo akungolandira zithunzi pa foni. Tinam'funsa mosabisa ngati adzabwerera. Anayankha kuti funso lake lili kuno, chinyezi chake chili kuno, ndipo munthu sathawa munda umene walima yekha. Tamukhulupirira, ngakhale tikudziwa kuti za mawa adziwa ndi Mwini. Chimene taona n'chakuti mwana amene wafufuzapo vuto la kwawo ndi manja ake amakhala ndi chingwe chom'kokera kumudzi, chimene mwana wongoloweza za m'mabuku alibe.

Choncho tili ndi mawu awiri. Oyamba ndi a kwa inu makolo anzathu. Mwana wanu akalowa maphunziro a uinjiniya kapena sayansi, dziwani kuyambira chaka choyamba kuti kumapeto kuli kafukufuku, ndipo muyambe kusunga pang'onopang'ono, ngakhale mtengo wa ndowa imodzi ya usipa pa mwezi. Werengani pangano la basale mudziwe chimene ikulipira ndi chimene siyikulipira. Muuzeni mwanayo afunse aphunzitsi ake msanga za mabungwe othandiza kafukufuku, alembe zikalata zingapo nthawi isanathe, ndipo akakanidwa alembenso. Safunsa anadya phula, ndipo ife tinadya phula la chilimira chathunthu chifukwa chodziwa mochedwa.

Achiwiri ndi a kwa inu amene mumayendetsa matumba a maphunziro, m'mabungwe, m'makampani ndi m'makomiti a m'madera mwathu. Ntchito imene mwagwira polipira fizi ndi yaikulu, ndipo popanda inu mwana wathu akanakhala akuumitsa usipa lero. Tikupempha kuti pa ndalama imene mumaika pa mwana kwa zaka zisanu, mupatulepo kagawo kakang'ono ka chaka chomaliza, ka zipangizo ndi mayendedwe a kafukufuku. Poyerekeza ndi fizi yonse, ndalamayo ndi yochepa, koma ndi imene imasandutsa wophunzira kukhala mmisiri. Kulipirira mwana zaka zinayi n'kum'siya pa chachisanu kuli ngati kugula boti ndi injini n'kumana petulo wofikira pamene pali nsomba. Ndipo mukam'thandiza, m'pempheni kuti akamaliza adzaime pamaso pa anthu a kwawo n'kufotokoza m'chinenero chawo chimene wapeza, kuti amayi a chipereganyu aone kumene ndalama yawo ya basi inapita.

Pamene tikulemba izi, mtsikana wathu ali kusukulu akumaliza kulemba zimene anayeza, ndipo kabokosi kake koumitsa mpweya kakuyesedwabe. Mdzukulu uja tsopano ali ku pulayimale. Ndi wochepa thupi kuposa anzake, koma pa doko lonse palibe mwana amene amakhalitsa pansi pa madzi ngati iye, ndipo agogo ake amam'kalipira tsiku lililonse kuti atuluke. Amalume anaimba foni mwezi watha kufunsa tsiku la mwambo wolandira digiri, ati akufuna asokeretu mkanjo watsopano. Anafunsanso ngati tapeza chilimira china. Tinawauza kuti usipa ukabwera bwino chaka chino, Insha Allah, tigula.